Kusankha penti wa mtundu wofatsa wa pabalaza ndi m'kolido

Mitundu yofatsa, monga kirimu, magnolia, khaki woyererako, wotuwa ngati phulusa kapena woyera wosathobwa m'maso, ndiyo yovuta kusankha kuposa wofiira kapena wabuluu. Wofiira ndi wofiira kulikonse kumene mungamupake. Wofatsa amabwereka maonekedwe ku chilichonse chomuyandikira: pansi pa nyumba, makatani, babu, ngakhale mtengo wa mango umene uli kuseri kwa zenera. N'chifukwa chake munthu amagula ndowa ya malita 20 ya kirimu amene anamukongolera m'sitolo, koma khoma litauma n'kupeza kuti pabalaza pasanduka pachikasu ngati kasitadi, pamene m'kolido, mmene anapakamo penti wa m'ndowa yomweyo, mukuoneka mothimbirira. Penti sanalakwe. Anasankhidwira malo olakwika, pansi pa magetsi a m'sitolo. Ntchito yosankha imayambira m'nyumba mwanu momwemo, kusitolo mupitako pambuyo.

Yambani ndi zimene simudzasintha

Imani pakati pa balaza masana, makatani ali otsegula, muyang'ane pansi. Pansi ndi pamene pamalamula mtundu wa khoma, chifukwa kuwala kolowera pazenera kumagwera pamenepo kenako n'kunjanja kupita kukhoma kutatenga mtundu wa pansipo. Penti mungamusinthe pakatha zaka 5, koma matailosi mukhala nawo zaka 20 kapena kuposa.

Simenti yopaka polishi wofiira imaponyera kufiira kwake pakhoma, makamaka chakumunsi. Kirimu amene ali kale ndi kapinki amasanduka pinki weniweni m'nyumba yotere. Wotuwa wopendekera ku buluu nayenso sagwirizana nayo, amaoneka ngati pepo wosuluka. Chimene chimakhala bwino ndi pansi pofiira ndi mtundu wa mchenga wouma, kapena khaki woyererako wokhala ndi kobiriwira pang'ono, chifukwa kubiriwirako kumachepetsa mphamvu ya kufiira.

Matailosi otuwa, amene achuluka m'nyumba zomangidwa masiku ano, amakana kirimu wachikasu. Mukaziika pamodzi, tailosi limaoneka labuluu ndipo khoma limaoneka lachikasu kuposa mmene lilili. Apa funani woyera wothira katuwa, kapena uja amalonda amamutcha greige, amene ali pakati pa wotuwa ndi khaki. Ngati matailosi anu ndi a kirimu, aonetsetseni ngati akupendekera ku pinki kapena ku chikasu, ndipo khoma lipendekere komweko. Lisafanane nawo ndendende, likhale loyererako kapena loderako moonekeratu. Khoma ndi pansi zikakhala mtundu umodzi, chipinda chimaoneka ngati m'kati mwa katoni.

Kenako yang'anani matabwa. Zitseko ndi mipando ya mlombwa kapena mbawa n'zofiirira, pamene paini wopaka vanishi amapendekera ku olenji ndipo amawonjezera akamakalamba. Matabwa otere amakongola pafupi ndi khoma lopendekera ku mchenga kapena ku kirimu wosakhala wachikasu kwambiri. Masofa ndi makatani abwere pomaliza, pokhapokha ngati mwangogula kumene ndipo mukhala nawo nthawi yaitali.

Tengani chidutswa cha tailosi chimene chinatsala pomanga, chikwama cha pilo wa sofa ndi kansalu ka katani, muziike m'thumba limodzi. Izi n'zimene mupite nazo kusitolo. Chithunzi cha pafoni musachidalire, chifukwa kamera imakonza mitundu payokha ndipo foni iliyonse imaonetsa mosiyana. N'chimodzimodzinso zithunzi za nyumba zokongola za pa Facebook ndi Pinterest: zimakuuzani chimene mtima wanu ukukonda, sizikuuzani penti woti mugule.

Kamtundu kobisika

Penti aliyense wofatsa amapangidwa pothira timadontho ta mitundu ina mu penti woyera: kachikasu konga dothi, kofiira konga dzimbiri, kakuda, nthawi zina kobiriwira kapena kabuluu. Pakapepala kakang'ono ka m'kabuku ka mitundu timadonthoti sitioneka. Pakhoma la mamita 5, dontho limene linachuluka ndilo limatulukira, ndipo makoma anayi akamaponyerana kuwala limakulirakulira.

Kuti mukaone kamtundu kobisikako, sanjikani kapepala ka mtundu pamwamba pa pepala loyera la A4, mutulukire nako pakhomo pa sitolo, pamthunzi. Diso likaona choyera chenicheni pambali limazindikira msanga kuti uyu ndi wa pinki, uyu ndi wobiriwira. Ikaninso timapepala titatu tofanana moyandikana. Kamene kokha kanaoneka kirimu wamba kamadziulula kakakhala pakati pa anzake. Njira ina yachidule: m'mabuku ambiri mitundu imasanjidwa pamzere umodzi kuchokera kwa woyera kupita kwa wakuda. Yang'anani wakuda wa kumapeto kwa mzerewo. Ngati ndi wofiirira ngati njerwa, dziwani kuti woyererako amene mwamukonda ali ndi magazi omwewo.

Maina asakupusitseni. Magnolia ali ndi nambala yodziwika pamndandanda wa mitundu wa ku Britain wa BS 4800, ndiyo 08 B 15, koma maina ngati ivory, cream ndi broken white kampani iliyonse imawagwiritsa ntchito mmene yafunira. Ivory wa kampani imodzi angakhale wachikasu, wa ina wotuwirako. Mukasankha, lembani dzina la kampani ndi nambala ya mtundu.

Kuwala kwa dzuwa ndi kwa babu

Malangizo ambiri a penti a pa intaneti analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene dzuwa la masana limadutsira chakum'mwera. Iwo akamati chipinda choyang'ana kumpoto sichilandira dzuwa, kwa ife n'zotembenuka. Ku Lilongwe, mwachitsanzo, kuyambira pakati pa February mpaka kumapeto kwa October dzuwa la masana limakhala chakumpoto, ndipo miyezi yotsalayo limadutsa pamwamba penipeni kapena chakum'mwera pang'ono. Choncho zenera lakumpoto ndilo limalandira dzuwa lambiri m'miyezi yozizira, pamene lakum'mwera limalowetsa kuwala kodekha kopendekera ku buluu nthawi yambiri ya chaka. Pabalaza poyang'ana kum'mwera wotuwa amaoneka wakufa, ndiye sankhani wokhala ndi kachikasu. Poyang'ana kumpoto muli ndi ufulu wambiri.

Zenera lakumadzulo ndilo losautsa. Dzuwa la madzulo ndi lofiirira, ndipo kirimu amene m'mawa anali wodekha amayaka ngati olenji pofika 4 koloko. M'mwezi wa October chipinda chotere chimamveka chotentha kuposa mmene chilili. Kumeneko greige amachita bwino kuposa kirimu. Lakum'mawa ndi lotembenuza: lowala m'mawa, lotuwa madzulo.

Musaiwale zimene zili panja pa zenera. Khonde lalikulu limadya kuwala, ndipo balaza limene lili kuseri kwake limafuna mtundu woyererako kuposa mmene mukuganizira. Mpanda wa njerwa zootcha womwe uli mamita awiri kuchokera pazenera umaponyera kufiira m'nyumba. Masamba a mtengo amaponyera kubiriwira. Magalasi abuluu kapena oderako, amene ambiri akuwakonda panopa, amasintha kuwala konse kolowa, moti penti woyera angaoneke wotuwa tsiku lonse.

Usiku babu ndi amene amalamula, ndipo m'kolido, mmene nthawi zambiri mulibe zenera, amalamula ngakhale masana. Pakatoni ka babu la LED pamalembedwa nambala yothera ndi K. Ya 2700K kapena 3000K ndi kuwala kwachikasu, 4000K ndi kwapakati, 6500K ndi koyera kopendekera ku buluu. Babu la 6500K limachotsa moyo mu khaki ndi kirimu, limawasandutsa otuwa ngati akuda ndi fumbi. La 2700K limawonjezera chikasu pa kirimu mpaka kunyansa. Mitundu yofatsa yambiri imaoneka bwino pakati pa 3000K ndi 4000K. Gulani mababu musanagule penti, ndipo akhale a nambala imodzi pabalaza ndi m'kolido. Madandaulo ambiri akuti "penti wa m'kolido wasiyana ndi wa pabalaza" amatha pongosintha babu. Ngati nyumba yanu imadalira nyali za sola magetsi akazima, muyesenso mtunduwo ndi nyalizo, chifukwa zambiri zimawala mopendekera ku buluu.

Woyera motani?

Makampani ambiri amalemba nambala ya LRV kuseri kwa kapepala ka mtundu kapena pamndandanda wawo. Nambalayi imayambira pa 0 kufika pa 100 ndipo imasonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene pentiyo amabweza. Wakuda bii ali pafupi ndi 5, woyera mbee ali cha m'ma 85 kupita m'mwamba. Pabalaza powala bwino, pakati pa 55 ndi 70 ndi pabwino. M'kolido mopanda zenera khalani pakati pa 65 ndi 75. Mukatsika kufika pansi pa 50 m'malo opapatiza, mudzayatsa babu masana.

Ambiri amathamangira woyera weniweni poganiza kuti awalitsa kolido yamdima. Woyera amawala pokhapokha pali kuwala koti abweze. Mumdima amaoneka wotuwa, ndipo makona amachita mithunzi yakuda. Komanso walira mvula walira matope: fumbi lofiira la August mpaka October, manja a ana ndi mapewa a anthu odutsana pamalo opapatiza, zonse zimalembeka pakhoma loyera. Mtundu wa mchenga woyererako umabisa fumbi la kwathu kuno chifukwa uli nalo pachibale.

Kuyesa musanagule ndowa

Apa ndi pamene ambiri amadumpha pofuna kusunga ndalama, n'kudzawononga zambiri. Chepetsani mitundu yanu ifike itatu, osapitirira inayi, ndipo mugule kachitini kakang'ono kwambiri ka uliwonse kamene sitoloyo ingakusakanizireni. Ngati kakang'ono kwambiri ndi ka lita imodzi, gulani komweko, wotsala adzagwira ntchito kusitolo ya m'nyumba kapena kuseri kwa makabati.

Musapake timizere pakhoma moyandikana. Mtundu wakale wa khomalo umasokoneza diso, mitunduyo imasokonezananso yokha, ndipo timizereto timadzaonekera pansi pa penti watsopano. Pezani zidutswa za siling'i bodi, hadibodi kapena katoni yolimba, chilichonse chosachepera masentimita 50 mbali zonse. Pakani makoti awiri mpaka m'mphepete ndi karola kakang'ono, mudikire ziume bwinobwino. Penti wamadzi amasintha akamauma, kawirikawiri amaderako, choncho musamuweruze ali wonyowa.

Tsamiritsani bodi imodzi nthawi imodzi kukhoma, itagunda pansi kuti muone mmene ikukhalira ndi matailosi kapena simenti. Isuntheni: pakhoma loyang'anana ndi zenera, pakhoma limene lili ndi zeneralo, lomwe nthawi zonse limaoneka lakuda kuposa ena, kuseri kwa sofa, pakati pa kolido ndi kumapeto kwake. Muione m'mawa, masana, cha m'ma 4 koloko madzulo, ndi usiku mababu atayaka. Chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu, ndipo ngati kungachite mitambo tsiku limodzi, mwapindula. Ikhale choimirira monga khoma, osati chogona patebulo, chifukwa kuwala kumagwa mosiyana.

Mtundu wopambana si umene wakongola kwambiri pa ola limodzi. Ndi umene sunanyanse pa ola lililonse. Mukakayika pakati pa iwiri ya pamzere umodzi, tengani woyererako kapena wotuwirako, popeza mtundu umakula mphamvu ukadzaza makoma onse.

Mtundu umodzi kapena iwiri

Ngati munthu wokhala pasofa amaona m'kolido, njira yosavuta ndi yokongola ndi kupaka mtundu umodzi monsemo. Nyumba imaoneka yaikulu, ndipo mugula ndowa imodzi m'malo mwa zitini zosiyanasiyana. Kolido ikakhala yamdima kwambiri, tengani mtundu wotsatira pamzere womwewo, woyererako ndi sitepe imodzi. Mumdimamo udzaoneka wofanana ndi wa pabalaza. Musasakanize kirimu wachikasu pabalaza ndi wotuwa wabuluu m'kolido. Pamene zikumanirana, chilichonse chimaipitsa chinzake.

Mitundu iwiri ikumane pakona yolowa m'kati kapena pafelemu la chitseko. Pakona yotulukira kunja mzere suwongoka, chifukwa pulasitala sakhala wowongoka ngati lula, ndipo aliyense wodutsa amauona.

Siling'i ikhale yoyera, ya penti wosanyezimira. Mafelemu, zitseko zopenta ndi sikating'i zingakhale zoyera zofewerako kapena mtundu wa khoma womwewo koma wonyezimira. Dziwani kuti penti wamafuta woyera amasanduka wachikasu pakapita nthawi, ndipo amafulumira m'malo amdima ngati m'kolido. Pafupi ndi khoma lotuwa chikasucho chimaoneka ngati uve. Enamel wamadzi sachita zimenezi.

Kunyezimira

Mtundu umodzi umaoneka mosiyana malinga ndi kunyezimira kwa penti. Wa matt sanyezimira, amabisa mabampu a pulasitala, koma penti wamadzi wotchipa wa PVA wosanyezimira amachoka kapena kusiya chipsera chowala mukamupukuta ndi nsalu yonyowa. Wa silk kapena sheen amapukutika bwino koma amaulula paliponse pamene mmisiri sanasalaze. M'kolido vutoli limakula chifukwa kuwala kumachokera kumapeto n'kumayenda motsatira khoma, moti kabampu kakang'ono kamachita mthunzi wautali.

Pabalaza, penti wamadzi wa acrylic wa matt wolembedwa kuti ndi wochapika ndi wokwanira. M'kolido sankhani wonyezimira pang'ono, low sheen kapena eggshell. M'nyumba ya ana ambiri, njira yakale yopaka chakumunsi penti wolimba mpaka mita imodzi kapena 1.2 imagwirabe ntchito. Kuti isaoneke ngati m'kalasi, m'munsi ndi m'mwamba mukhale mtundu umodzi, kusiyana kukhale kunyezimira kokha.

Kuwerengera ndi kugula

Tiyerekeze balaza la mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, makoma otalika mamita 2.7. Kuzungulira kwake ndi mamita 18, kuchulukitsa ndi 2.7 tipeza masikweya mita 48.6. Chotsani zitseko ziwiri, chilichonse pafupifupi 1.7, ndi mazenera awiri, lililonse la mamita 1.8 kuchulukitsa ndi 1.2, awiriwo pamodzi 4.3. Zatsala pafupifupi 41. Kolido ya mamita 6 ndi 1.2 ili ndi masikweya mita 38.9, kuchotsa zitseko zinayi itsala 32. Zonse pamodzi 73, makoti awiri 146.

Pachitini pamalembedwa malo amene lita imodzi imakwanira, koma nambala imeneyo ndi ya khoma losalala ndi losamwa. Papulasitala wa simenti werengerani masikweya mita 8 pa lita. Pamenepa mufunika malita 18 ndi pang'ono, ndiye kuti mukapaka penti mmodzi monsemo, ndowa imodzi ya malita 20 ikwana ndi kutsalako wokonzera. Siling'i ya zipinda ziwirizi ndi masikweya mita 27, makoti awiri adya pafupifupi malita 7. Ngati khoma ndi latsopano, onjezani malita 10 a plaster primer, penti woyamba wopaka papulasitala musanapake wa mtundu. Pulasitala wokhakhala amamwa kwambiri, onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu.

Gulani penti yense tsiku limodzi, wosakanizidwa pamakina amodzi. Zitini za mtundu umodzi zopangidwa nthawi zosiyana zimatha kusiyana pang'ono, ndipo pa mitundu yofatsa kusiyana kwakung'onoko kumaoneka. Ngati mwagula zitini zinayi za malita 5, zikhuthulireni m'ndowa imodzi yoyera n'kutakasa musanayambe. Musanachoke m'sitolo tsegulitsani chivindikiro, mupake kadontho pabodi yanu yoyesera, kaume, muone ngati kakufanana. Jambulani kapepala ka nambala kamene amamata pachitini. Ndipo ngati mwatuma mmisiri kukagula, mulembereni nambala papepala. Mawu oti "mukagule kirimu" abweretsa kirimu aliyense amene wapezeka.

Khoma lisanalandire penti

Mtundu wosankhidwa bwino umawonongeka pakhoma losakonzeka, ndipo wofatsa sabisa kanthu. Pulasitala watsopano wa simenti adikire masiku osachepera 28, ndipo nthawi ya dzinja kuposa pamenepo. Simenti yaiwisi ili ndi ukali umene umawotcha penti, n'kusiya zigamba zosuluka, ndipo madzi otuluka m'khoma amabwera ndi mchere woyera umene umatukula penti. Kuti mudziwe ngati khoma lauma, matani pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse ndi tepi, osasiya mpata, muisiye maola 24. Mukapeza thukuta kuseri kwake kapena khoma laderapo pamenepo, dikirani. Mchere woyera uchotseni ndi burashi youma. Mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'khoma. Likauma, pakani plaster primer wopirira ukali wa simenti koti imodzi. PVA wosungunula ndi madzi ambiri si primer, ngakhale amisiri ena amatero.

Pakhoma lakale, pukutani ndi nsalu yakuda kapena chikhatho. Chikayera ngati mwagwira choko, penti wakaleyo wafumbutuka kapena ndi njereza. Palani zonse zofooka, tsukani, liume, kenako pakani bonding liquid, mankhwala olimbitsa khoma lofumbutuka kuti penti agwire. Mukapaka penti pamwamba pa njereza amasendeka ngati khungu la njoka. Kuti mudziwe ngati penti wakale ndi wamafuta, nyowetsani thonje ndi spiriti mupukute: wamadzi amafewa n'kutsalira pathonje, wamafuta sasuntha. Wamafuta ayenera kukwechedwa ndi sandipepa mpaka kunyezimira kutha, kenako kupakidwa andakoti woyenera, penti wapansi wothandiza watsopano kugwira. Kwechani monyowetsa, ana ndi amayi oyembekezera atalikire, chifukwa penti wamafuta wina amakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi poizoni.

Nkhungu zakuda zapakona zipheni ndi gawo limodzi la jiki pa magawo anayi a madzi, mazenera ali otsegula, osasakaniza ndi mankhwala ena aliwonse. Muzimutsuke ndi madzi oyera, paume. Mwaye wa mbaula, wa koloboyi kapena wa kandulo, komanso zipsera zachikasu za madzi odontha kudenga, zimatulukiranso pa penti wamadzi ngakhale mutapaka makoti anayi. Zitsukeni ndi sopo ndipo muzitseke ndi primer wotsekera zipsera, nthawi zambiri wamafuta.

Chinyontho chokwera kuchokera pansi ndi nkhani ina. Ngati penti akutukuka kuyambira pasikating'i mpaka cha pamita imodzi, madzi akuchokera m'maziko, mwina chifukwa pomanga sanaike pulasitiki yakuda yotchinga chinyontho, kapena dothi ndi madzi a padenga zikukhudza khoma kunja. Kupaka pamwamba pa zimenezi ndi chikomekome cha mkuyu, mvula ikangobwera zonse zibwerera. Konzani ngalande, tsitsani dothi, khoma liume, penti abwere pambuyo.

Ming'alu ing'onoing'ono ikuzeni pang'ono ndi nsonga ya sikirepa, chotsani fumbi, tsekani ndi fila, kwechani ndi sandipepa wa nambala 120. Pamene mwaika fila pakanipo primer. Mukapanda kutero malowo amamwa penti mosiyana ndipo amaoneka ngati zigamba, makamaka m'kolido.

Kupaka

Yambani ndi siling'i, kenako makoma, mafelemu ndi sikating'i pomaliza. Takasani penti kuchokera pansi pa ndowa kwa mphindi zingapo, chifukwa timitundu tija timakhazikika pansi. Za madzi tsatirani zolembedwa pachitini. Makampani ambiri salola kupitirira gawo limodzi pa magawo 10, ndipo ena amati musathire n'komwe. Chizolowezi chothira madzi ambiri kuti ndowa ifike patali ndicho chimabweretsa khoma lamawangamawanga, losuluka msanga ndi losachapika. Ndi bwino kugwirizana ndi mmisiri za nkhaniyi ntchito isanayambe.

Papulasitala wosalala gwiritsani ntchito rola ya ubweya wa mamilimita 10 mpaka 12, pokhakhala yaubweya wautaliko. Malizani khoma limodzi musanapite kwina: dulani m'mphepete ndi burashi, ndipo m'mphepetemo musanaume yendetsani rola mpaka pafupi ndi kona. Mukadula chipinda chonse lero n'kudzayendetsa rola mawa, khoma lililonse lidzakhala ndi felemu la mtundu woderako. Musaime pakati pa khoma kukamwa tiyi, imani pakona. Rola yomaliza iziyenda mbali imodzi, kuchokera m'mwamba kutsika.

Pakati pa makoti dikirani nthawi yolembedwa pachitini, imene pa penti wamadzi imakhala maola 2 mpaka 4. Nyengo imasintha zimenezi. Pa chiperoni cha ku Blantyre ndi Thyolo, kapena m'mawa wozizira wa June ku Dedza ndi Mzuzu, penti amachedwa kuuma, ndipo kukazizira pansi pa madigiri 10 musapake. M'kutentha kwa October amauma msanga kwambiri n'kusiya mizere ya rola, ndiye gwirani ntchito m'mawa, ndipo mazenera a mbali ya mphepo muwatseke pang'ono kuti fumbi lisamatirire pakhoma lonyowa.

Koti yoyamba imaoneka yoipa nthawi zonse, musachite nayo mantha. Ngati yachiwiri itauma mtundu ukukukayikitsani, musathamangire kusitolo. Bwezerani mipando, makatani ndi zithunzi, mukhale nawo sabata imodzi, chifukwa chipinda chopanda kanthu chimakokomeza mtundu. Ukapitiriza kuoneka wachikasu kwambiri, yesani babu la 4000K. Ukaoneka wotuwa mozizira, yesani la 3000K. Zikakanika, koti imodzi ya mtundu wokonzedwa imakwanira pamwamba pa mtundu woyandikana nawo. Kuderetsa penti wotsala pamakina n'kosavuta, koma kumuyeretsa kumafuna penti woyera wochuluka zedi, choncho ngati munagula woderapo ndi bwino kugula wina.

Penti wamadzi amauma kukhudza tsiku lomwelo koma amalimba kwenikweni pakatha milungu iwiri mpaka inayi. Nthawi imeneyi musachape khoma, ndipo sofa isagunde. Wotsala muthireni m'kachitini kakang'ono kodzaza bwino kuti mpweya uchepe, mutseke zolimba, mulembepo nambala ya mtundu, chipinda ndi tsiku, ndipo mumusunge pamthunzi. Pokonza pamene pakandika, gwiritsani ntchito karola m'malo mwa burashi kuti khungu la penti lifanane. Pa penti wonyezimira chigamba chimaonekabe ngakhale mutasamala, ndiye pakani khoma lonselo kuchokera pakona kufika pakona.